Kandege ka Felista kanadikira chitenje cha a Rozina

Lolemba lapitali ndinapita kukaona mlongo wanga kumudzi kwathu, kufupi ndi Likhubula, ndipo ndinapeza khonde lake lasanduka ofesi. Pamkeka panali laputopu, mabatire atatu aakulu ngati njerwa, ndi chikesi chakuda chomwe ngakhale nkhuku zimachilambalala. Mwini zonsezi anali mwana wake, Felista, yemwe ine ndidamuphunzitsa sitandade faifi akadali wamamina. Lero ndi mayi wamkulu, amaulutsa dironi.

Kwa inu amene simunaione, dironi ndi kandege kaja kopanda munthu m'kati, kolira ngati njuchi zikusamuka. Kampani ina ya ku Blantyre, komwe Felista wangoyamba kumene ntchito, inamutuma kudzajambula mtsinje wathu kuchokera m'mwamba, kuyambira kuphiri mpaka kumidzi ya kumunsi. Akufuna kuyala mapaipi a madzi motsata mtsinjewo, ndiye asanakumbe ayenera kuona pomwe pali miyala, minda ndi nyumba za anthu.

Ine ndinkayesa kuti munthu amangoima ndi rimoti n'kumakakhotetsa uku ndi uku ngati galimoto ya mawaya. Ndinadzionetsa umbuli.

"Ankolo, ntchito yonse ndi ino ndikugwira pamkekayi," anatero Felista. "Mawa ndikungodina batani basi. Kenako kaziyenda kokha."

Anandionetsa mapu palaputopu. Anali ataika timadontho motsatira mtsinje, kalikonse ndi nambala yake. Kandegeko kakachoka pa dontho loyamba kamalunjika lachiwiri, kenako lachitatu, osafunsa munthu njira. Anali atakauziratu kutalika kwake kuti kasakawombe mitengo ya bulugamu, ndiponso kuti kazitsika pang'onopang'ono monga momwe nthaka ikutsikira. Kamajambula kokha pafupipafupi, chithunzi chilichonse kuphimbako chinzake monga timakhomera malata padenga, kuti pasakhale podontha. Pamapeto pake zithunzi zonsezo amazilumikiza n'kukhala chithunzi chimodzi chachitali.

Chovuta, anati, ndi nthawi. Kuno kwathu dzuwa limachedwa kutuluka kuseri kwa Chambe, ndipo m'mawa mtsinje wonse umakhala mumthunzi wa phiri. Likapendeka pang'ono, miyezi ino mitambo imatsika kuphiri ndi kamvula kake kaja. Ndiye mpata wojambula bwino ndi wochepa, kuyambira cha m'ma naini mpaka cha m'ma leveni.

Mwanayu ndi wakhalidwe, zimenezo ndimuyamikire. Lamulungu anali atapempha kale kuti alengeze kutchalitchi kuti Lachiwiri m'mawa amayi asakasambe kapena kuchapa kumtsinje. Ndinagwedeza mutu ngati amene ndinamuphunzitsa zonsezo ndine.

Apa ndi pomwe mayi ake, omwe amasenda nandolo chapambali, anasendera pafupi n'kutsinzina diso limodzi palaputopupo.

"Kadontho aka kali pachani?"

"Pamwala wafulati uja, amayi, kuseri kwa nthochi za a Juwawo."

"Nde kakafika nthawi yanji pamenepo?"

Felista anadina. "Ikunena kuti teni koloko itangodutsa."

Mlongo wanga anaika lichero pansi. Mwana wake anamva pomwepo, ndipo nkhope yake inagwa. Wosamva ndinatsala ine ndekha, munthu wokhala kuboma, wobwera kumudzi pa maliro ndi pa Khirisimasi.

Mlongo wanga anandifotokozera motsitsa mawu, ngakhale panalibe wina womvetsera.

A Juwawo ndimawadziwa kuyambira kale. Adabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, iwo ndi akazi awo a Rozina, ndipo sadabwererenso. Moyo wawo wonse akhala akusenza zikwama za alendo kukwera nazo ku Chambe. Tsopano akalamba, khutu limodzi lidatseka. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Joni. Zaka zitatu zapitazo a Rozina adagwidwa sitiroko, mbali imodzi ya thupi idafa, ndipo mawu amatuluka movutikira. Amayi a mpingo adadzipereka kuti azidzawasambitsa mosinthana, koma tsiku loyamba lomwelo gogoyo adalira mpaka amayiwo adabwerera ndi sopo wawo. Safuna dzanja la wina aliyense.

Ndiye tsiku lililonse, dzuwa likafika pamwala uja n'kuutenthetsa, a Juwawo amabereka akazi awo kumbuyo ndi chitenje, n'kutsika nawo kanjira ka m'nthochi. Amawakhazika pamwalapo, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwaothetsa dzuwa, kenako kuwaberekanso kubwerera kunyumba.

Inu mukudziwa mmene ife amuna timasekera mnzathu wopezeka akutsuka mbale chabe. Timati adamudyetsa. Nanga wosambitsa mkazi wake? N'chifukwa chake a Juwawo amabisa. Ukakumana nawo m'mawa amati, "Lero ndikathirira mpiru kudimba." Mudzi wonse ukudziwa kuti kulibe mpiru kumeneko. Koma kwa zaka zitatu palibe amene wadutsa njira imeneyo nthawi imeneyo. Sipanachitike msonkhano, palibe analamula. Amayi amakatunga madzi kumtunda, oweta amakusira mbuzi kwina, basi. Ndipo kutchalitchi a Juwawo adasiya kupita chifukwa sangasiye wodwala yekha, kotero chilengezo chija sanachimve.

Ine ndine munthu wokonda kuthetsa nkhani msanga, ana onse amene ndinawaphunzitsa angachitire umboni. Ndinadzambatuka n'kuyamba kufuna nsapato.

"Imeneyo si nkhani," ndinatero. "Ndipita pompano ndikawauze kuti mawa lokha asinthe nthawi."

"Achimwene, takhalani pansi," anatero mlongo wanga. "Sukulu yonse ija? Mukawauza kuti asinthe nthawi yachani? Yothirira mpiru?"

Ndinakhala pansi, nsapato imodzi ili kuphazi.

Mwaona pomwe panali mfundo? Kuwachenjeza a Juwawo kunali kuwauza kuti tonse tikudziwa. Chimene mudzi wasunga zaka zitatu ine ndikanachiphwanya ndi ulendo umodzi, ndili ndi mtima wabwino ndithu. Ndipo kusawachenjeza kunali kulola kuti gogo wodwala, ali chivulire pamwala, ajambulidwe kangapo konse, zithunzizo zikatsegulidwe pakompyuta ku Blantyre ndi anyamata amene sadziwa n'komwe dzina lake.

Felista anayesa nzeru zake zonse, ine ndikuona. Anati atha kuuza kamera kuti itseke diso pakati pa madontho awiriwo. Koma phokoso lija nanga? Mkuluyo akanayang'ana kumwamba n'kuona chinthu chikudutsa pamutu pa mkazi wake, ndipo ndani akanamuuza kuti chatsinzina? Anati ayambire kumunsi kukwera kumtunda, koma mwalawo uli pakati penipeni pa ulendo, kulikonse angayambire akafikapo nthawi yomweyo. Anati alawirire, koma mthunzi wa phiri ukanadetsa zithunzi zonse. Dzuwa lomwe kandege kamafuna ndi lomwelo a Rozina amadikira.

Pomaliza anadula ulendowo pawiri. Gawo loyamba, kuchokera kuphiri, kandege kakathere patali ndithu ndi nthochi zija n'kubwerera. Kenako adikire mpaka akuluwo atachoka kumtsinje, ndiye aulutse gawo lachiwiri.

"Nanga udziwa bwanji kuti achoka, poti palibe wokasuzumira?" ndinafunsa.

"Chitenje," anayankha mayi ake. "Akabwerako amayanika chitenje chonyowa pampanda. Chimaoneka ndili m'munda mwanga mwa chinangwa. Tonse timayendera chimenecho. Chikangoyanikidwa ndikufulasha pafoni."

Taganizani. Makina odula kuposa nyumba yanga, oyendera masetilaiti, kudikira chitenje cha gogo pampanda.

Lachiwiri m'mawa ndinamuperekeza, ndine ndinanyamula mabatire. Gawo loyamba linayenda bwino kwambiri moti ndinaiwala ukulu wanga n'kuwomba m'manja. Kandege kananyamuka kokha, kanaima m'malere ngati kakuganiza, kenako kanalunjika kuphiri n'kuyamba kutsika ndi mtsinje, kukhota pomwe madzi akhota. Felista manja ali m'chiuno, maso pa sikirini. Katamaliza kanabwerera n'kutera pomwe kananyamukira, osaphonya ngakhale phazi limodzi.

Kenako tinakhala pachulu m'mphepete mwa munda wa tiyi, foni ili pabondo, kudikira.

Teni koloko inakwana. Hafu pasiti teni inadutsa. Ndinayang'ana ku Chambe ndipo ndinaona kamtambo koyera katatsamira pamwamba pa thanthwe. Posakhalitsa kanaitana anzake. Foni inalira, tonse tinadzidzimuka, koma anali bwana wake wa ku Blantyre kufunsa ngati wamaliza. Felista anati watsala pang'ono.

Leveni koloko itakwana, mtima wanga uja unayambanso.

"Ulutsa, mwana iwe. Mwina achoka kale, mayi ako sakuona bwino."

"Sanafulashe, ankolo."

"Ntchito yako yoyamba imeneyi. Ukudziwa mmene ntchito ikusowera?"

"Ndikudziwa." Sanandiyang'ane. Chala chake chinali pafupi ndi batani. Anachichotsa n'kupinda manja m'khwapa.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo kudekha sikunatipatse kanthu. Chimene chinawachedwetsa a Juwawo kumtsinje sindikuchidziwa, ndipo si changa kuti ndichidziwe. Foni inafulasha nthawi yomwe madontho oyamba a mvula amagwa pachikesi chija. Phiri lonse linali litalowa mu nkhungu.

Felista anaimbira bwana wake ndili pomwepo. "Gawo lakumunsi sindinajambule, bwana. Mitambo yatsika." Za chitenje sanazitchule. Ndinamva mawu a mkuluyo akutuluka pafoni, osati achipongwe, koma a munthu amene nayenso ali ndi omufunsa. Anati amalize pofika Lachisanu, apo ayi atumiza wina. Tonse tinadziwa kuti winayo sadzadikira chitenje cha munthu.

Tikutsika, mwanayo anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kunamizira mvula. Ine ndinali ndi manyazi chifukwa cha zomwe ndinanena pachulu paja, komabe ndinamunyadira mwanayo. Lachitatu anayesanso, ndipo mitambo inatsika msanga kuposa dzulo lake.

Masiku awiri amenewo ndinaganiza zambiri, ndipo zina ndikufuna tigawane.

Ife amene tinakulira m'mphepete mwa mitsinje tikukumbuka lamulo lomwe silinalembedwe paliponse. Mwamuna ukamayandikira padooko, umaima patali n'kufuula kuti, "Kumadziko!" Ukamva kuti "Dutsani," umadutsa. Ukamva kuti "Baimani," umaima, ngakhale ukuthamangira basi, n'kumayang'ana nyerere pansi mpaka akuuze. Palibe wapolisi amene ankaima pamenepo. Tinkangodziwa kuti maso ali ndi malire ake.

Lero maso tawaika m'thumba, ndipo ena tawapatsa mapiko. Minibasi ikagubuduzika, anthu khumi amatulutsa mafoni munthu mmodzi asanatulutse dzanja. Mayi akakomoka pamaliro a mwana wake, chitenje chitamasuka, madzulo ake ali kale m'magulu onse a pafoni, ena ataikapo tizithunzi tolira, ngati kuti kutero ndi kupepesa. Agogo osokonezeka mutu akavula pamsika pa Chinakanaka, amene akanawafunditsa nsalu ndi amene akufunafuna poima pooneka bwino. Tikafunsidwa timati, "Ndimangofuna anthu adziwe." Adziwe kuti atani?

Musandimve molakwa. Kandege kaja ndi kabwino, ndipo madzi a m'mipope tikuwafuna. Mlongo wanga bondo lake latha ndi kukwera chitunda ndowa ili pamutu. Sindikunena kuti tibwerere ku nthawi ya makolo, ine ndemwe foni yanga ikazima ndimadwala. Ndikungoti makinawa sadziwa kuodira. Amapita pomwe wawauza, nthawi yomwe wawauza, n'kuona zonse zili pansi mosasankha. Ngati pali ulemu woti ulowemo, uyenera kulowa pamkeka paja, munthu akuika timadontho, asanadine batani. Ndipo mapu a pakompyuta amaonetsa mwala, koma sanena kuti pamwalapo pamakhala ndani teni koloko. Zimenezo uyenera kufunsa mayi amene akusenda nandolo pambali pako.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe, Mulungu akatipatsa masiku, tidzafika poti wina atisambitse. Ine ndikupempha kuti tsiku limenelo padzapezeke anthu odziwa kuyang'ana kumbali.

Lachinayi masana ndikuchokera kugolosale ndinakumana ndi a Juwawo panjira, atasenza mtolo wa nkhuni womwe ine sindingaunyamule ngakhale pawilibala. Tinapatsana moni, ndinafunsa za odwala, anati ali bwinoko, adya phala. Ndinkati ndizipita, koma anatula nkhunizo pansi.

"Aphunzitsi, ndamva kuti mwana wa achemwali anu wabwera ndi kandege."

Ndinavomera ndi mutu. "Eya, n'zoona."

"Ndinakamva kakulira kumtundaku dzana. Koma kwathu kuno sikadafike."

"Mitambo, bambo," ndinatero mokweza, chifukwa cha khutu lija. "Mitambo ikuvuta."

"Mitambo, eti." Anayang'ana kuphiri nthawi yaitali, akupukuta thukuta ndi chipewa. "Mudzi uno ngodabwitsa, aphunzitsi. Zaka zitatu, ngakhale mbuzi siidutsa kudimba kwanga m'mawa. Mbuzi zaulemu zedi."

Ndinasowa poyang'ana. Iwo sanaseke, koma m'maso mwawo munali monyowa.

"Mawa ndiwatengera amayi kuchipatala, akawapime magazi," anapitiriza, akukonza nkhata. "Tinyamuka m'mamawa, tibwera madzulo. Kudimba kukhala kopanda munthu. Ndangoti ndinene, mwina wina angafune kudziwa."

Ndinawathandiza kusenza nkhuni zija, ndipo anapita osacheuka.

Lachisanu kunacha kopanda kamtambo ngakhale kamodzi. Cha m'ma eyiti tinaona njinga yamoto ya kabaza ikutuluka m'nthochi muja pang'onopang'ono, a Rozina ali pakati, atavala duku latsopano, amuna awo atawakumbatira kumbuyo. Felista anadikira dzuwa lifike pamtsinje, anadina batani lake, ndipo isanakwane leveni ntchito yonse inali itatha. Anaimbira bwana wake akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Madzulo ndikulongedza kachikwama kanga, mlongo wanga anabwera n'kuima pakhomo.

"Achimwene, mukudziwa kuti a Rozina tsiku lawo lakuchipatala si Lachisanu? Ndimapita nawo limodzi ine, za bondo langali. Ndi sabata yamawa."

"Nanga anapita kuti?"

Anati mayi wina woyandikana naye nyumba, wogulitsa tomato pa Chinakanaka, anawaona. Awiriwo anakhala m'tiyirumu m'mawa wonse mpaka dzuwa kupendeka, pabenchi la pakona. A Juwawo anaitanitsa tiyi wamkaka ndi sikono imodzi, n'kumanyema pang'onopang'ono, kuviika mu tiyi, kuwadyetsa akazi awo, n'kumawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anthu akulowa ndi kutuluka, iwo osabisa kanthu. Munthu amene wabisala zaka zitatu anakakhala pagulu tsiku lathunthu, kuti mwana wa eni ake asachotsedwe ntchito.

Mayi wa tomatoyo foni anali nayo, yojambula bwino ndithu, itamangidwa pansonga ya chitenje. Akuti anangowapatsa moni n'kubwerera pabenchi lake.

Mukanakhala inu, ikanakhala pomwepo foniyo?